Petson Daka ndi mitengo yokana chakudya

Ife a ku Petauke tikaona chomera chowonda, mtima umatiwawa ngati tawona mwana wamasiye. Petson Daka matenda amenewa anali nawo kwambiri. Anafika ku Kabwe m'zaka za chipani chimodzi, khasu lili m'thumba, napeza ntchito yosamalira maluwa ku mgodi. Ntchitoyo inabwera ndi kanyumba ku komboni ya Chowa, ndipo mkazi wake Olipa anakakonda kuposa mwini wakeyo.

Chaka china kapitawo wake, a Gershom, anamupatsa mbande za timitengo tochokera ku Australia, ta masamba ang'onoang'ono osongoka, kuti adzale pa dothi louma la m'mbali mwa zimulu za mgodi, fumbi lichepe. Anamuuza kuti tikafa, ntchito ndi nyumba zapitira limodzi. Anamuchenjezanso kuti timitengoti timakonda nthaka yosauka: manyowa ayi, feteleza ayi, madzi pang'ono basi.

Petson anavomera mwaulemu, koma mumtima anaseka. Mtengo wanji wokana chakudya? Iye, munthu amene chimanga chake anthu ankachita kuima pamsewu n'kumachiwonerera! Anaunga mizere, nayamba kututa zitosi za nkhuku panjinga. Masamba atayamba chikasu anati ndi njala, ndiye anatenga feteleza yemwe Olipa anasungira munda wawo wa chimanga, n'kuthira mosaumira. Atafiira, anawonjezera. Koma abale, chifundo chathuchi!

Pofika kumapeto kwa dzinja zonse zinali nkhuni, kupatula kamzere kamodzi kuseri kwa chimulu, komwe ankachita ulesi kukankhirako njinga. Kumeneko timitengo tinali titabiriwira, maluwa oyera ali mbuu. A Gershom anayang'ana uku ndi uku, namufunsa chimene anachita kuseriko.

"Palibe, akapitawo," anayankha Petson. "Ndinatiiwala."

Ntchito inathera pomwepo, ndipo Petson anabweza makiyi a kanyumba kaja mwezi womwewo. Banja linakadzipanikiza kwa mlamu wa Petson ku komboni ya Chililalila, ndipo chimanga cha chaka chimenecho, chosawona feteleza, sichinadzaze ngakhale dengu. Petson anachita manyazi kwambiri, komabe ankayesa kufotokoza kuti cholinga chake chinali chabwino. Olipa anamvetsera mpaka kumapeto, akugawira ana mbatata ziwiri.

"Inde, atate ake a Tryness," anatero mkaziyo. "Mitengo ya eni yafa ndi kukhuta, ana anu akugona ndi njala."