Mankhwala Amene Akadali kwa Mbewa

Ndinanyamuka ku Kabudula Lachiwiri m'mamawa, nditanyamula kabuku ka kuchipatala ka mayi akunyumba, a Nangondo, pamodzi ndi envulopu ya chithunzi cha mutu wawo, choonetsa chotupa cha khansa mu ubongo. Eni matendawo ndinawasiya pamphasa, pakuti msewu wathu umadwalitsa ngakhale munthu wabwinobwino. Chimene chinandiyambitsa ulendowu ndi mawu amene ndinamva pa wailesi, akuti anzeru a kunja apeza njira yatsopano yogonjetsera zotupa zotere.

Wa njinga yamoto anandilipiritsa makwacha zikwi zitatu kukafika pa Nsaru. Fumbi lokha ndilo anandipatsa laulere. Minibasi inadzaza dzuwa litakwera, ndipo tinakhala anayi pampando wa anthu atatu. Pambali panga panali Msilamu wina, mwini golosale, wopita kukapikula sopo ndi shuga.

"Kodi madala, envulopu yaikulu chonchi, ndi mlandu wa malo?" anandifunsa.

"Ndi mutu wa akazi anga," ndinayankha.

Titaima pa Njewa anagula chinangwa chowotcha, nandipatsa chachikulucho. "Idyani, madala. Kuchipatala woperekeza ndiye amayamba kugwa."

Ndinafika pachipatala chachikulu cha mumzinda masana, ndipo ndinaitanidwa dzuwa litapendeka. Dokotala anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza.

"Wodwalayo ali kuti, agogo?"

"Zonse za iwo zili m'kabukumu."

"Kabuku sitikapima, agogo." Komabe anakweza chithunzicho kuwindo, nachiyang'ana nthawi yaitali.

Nditamufunsa za pa wailesi, anandifotokozera moleza mtima. Anati thupi linamangidwa ndi tizigawo totchedwa maselo, ndipo m'selo lililonse muli tiulusi tosunga malangizo a chibadwa. Nsonga za tiulusito zimaperepeseka monga chingwe cha ng'ombe, ndipo zikatha, selo limakalamba n'kufa. Koma selo la khansa lili ndi mmisiri wake, dzina lake telomerezi, amene amalumikiza nsongazo kuti lisakalambe. Lilinso ndi amisiri ena osoka tiulusi tikaduka, choncho ngakhale madokotala atawotcha chotupa, chimadzisoka n'kuphukanso. Anzeruwo akufunafuna mankhwala omanga manja amisiri amenewa.

"Ndiwo ndadzera amenewo, mayi," ndinatero.

"Ambiri akuwayesabe pa mbewa, ena pa anthu owerengeka kutsidya kwa nyanja. Kuno kulibe, ngakhale mutagulitsa munda."

Mbewa za kunja n'zodala ndithu. Zathu timazipana pandodo n'kuzithira mchere.

Anandilembera mapiritsi oziziritsa ululu, nati, "Chotupachi chakhala pamalo posafika mpeni. Kawauzeni zoona amayi, kuti akonze za pakhomo akadali ndi mawu."

Iye ndi wophunzira, koma sanaganize kuti kwathu wodwala sauzidwa za imfa. Timangoti mupeza bwino, kufikira tsiku lochotsa mphasa.

Ndinagona kwa mphwanga mumzinda, ndipo Lachitatu ndinabwerera njira yomweyo. Ndinapeza a Nangondo atatsamira khoma pakhonde, diso limodzi litatsinzina.

"Mwabwera nawo, abambo?" anandifunsa.

"Akuti akuwakonza," ndinayankha.

"Tidikira," anatero, namwetulira.

Ulendo uno wandiphunzitsa kuti nzeru zilipo padziko, koma zimayenda msewu wosadutsa ku Kabudula. Zaka makumi anayi ndi zisanu za ukwati wa mu tchalitchi sindinawanamizepo mayi amenewa. Ndinayamba Lachitatu lija.