Tsiku Limene Bambo Anawerenga Khoma

Tinanyamuka ku Woolwich cha m'ma 9 koloko m'mawa, Lachiwiri lina mu Julaye 1996, bambo ali ndwii ngati tikupita kumaliro. Anachokera ku Machinga kudzaonerera ndikulandira digiri ya zomangamanga Loweruka, koma London inali itawakwana kale.

"Ndibwezere kwathu, Saidi," anali atandiuza dzulo lake. "Kuno ndine wakhungu. Ndingokuchititsa manyazi pamaso pa aphunzitsi ako."

Bambo sanapondeko m'kalasi. Makolo awo ankaopa kuti amishoni awabatiza, ndiye anangophunzira ku madrasa, sukulu ya kumzikiti. Ndinachita mantha kuti mpando wawo ukhala wopanda munthu pamwambo wa Loweruka, choncho ndinawanyengerera kuti asanapite akaoneko chimene chinandidyera zaka zitatu.

Tikiti ya tsiku lonse inali mapaundi atatu ndi kachenje. Bambo anaitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera. "Sunga iwe wamaso."

M'sitima ya ku Charing Cross ndinayamba kuwalalikira za Alhambra, linga la mafumu achisilamu mumzinda wa Granada ku Spain: makoma ofiira pamwamba pa phiri, mkati mwake nyumba yachifumu ya akasupe, ntchito ya m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300. Ndikaiyamba nkhani imeneyi sindipuma, ndi matenda anga. Bambo anagona tisanafike pa London Bridge.

Sitima ya pansi pa nthaka anaikwera akunong'ona dua, pemphero lachisilamu. Pa South Kensington, cha m'ma 11, tinagula masamusa awiri awiri. Bambo anaponya salamu mongoyesa, wogulitsayo n'kuyankha bwinobwino, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo ndinaona mano awo.

M'nyumba yosungira zakale ya kumeneko tinapeza zidutswa za pulasitala zimene amisiri anadinda pa makoma a Alhambra. Ndinayambanso ulaliki wanga, ndikuloza nyenyezi ndi maluwa. Bambo anatulutsa magalasi.

"Si maluwa okha awa," anatero.

Chala chawo chinayenda m'malere kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo anawerenga Chiarabu mokweza, ndi mawu aja a kumzikiti. "Akuti palibe wopambana koma Mulungu."

Tanthauzolo ndinkalidziwa kuchokera m'mabuku, koma zaka zitatu ndinkajambula mizere imeneyi osadziwa pamene chilembo chayambira.

Mlonda wa chipindacho, Mzambia wa ku Chipata, anali atatimva. "Mdala, muziba kubelenga ivi? Ine five years nili pano, nimaona chabe ma design!" Anakodola alendo ena, ndipo posakhalitsa anthu anatizungulira. Bambo ankawerenga chidutswa ndi chidutswa, ine wadigiri nditasanduka womasulira wawo. Mtima wanga unadzaza mpaka Chingerezi chinayamba kundithawa.

"Nanga mafumuwo ali kuti?" anandifunsa.

"Anagonja mu 1492, linga linatengedwa."

"Ndiye mmisiriyu anawachenjeza pakhoma lawo lomwe!" Anaseka mpaka mlonda anaiwala kutiletsa phokoso.

Pobwerera sanagone. Tikudutsa Greenwich anandifunsa ngati Loweruka avale suti kapena mkanjo wawo woyera. Ndinati mkanjo, misozi ili lengelenge. Ndinachoka m'mawa ndikuganiza kuti ndikutsogolera wakhungu, osadziwa kuti khoma limene ndinalembera mayeso lidzayankhula ndi iwo, osati ine.

Sitima itaima pa Woolwich, bambo anatambasula dzanja.

"Bweretsa tikiti yanga, Saidi. Ndisunga ndekha."