Komwe Ndevu Zagonera

Mkazi wanga. Mwana amene anali m'mimba. Dimba la kwawo ku Nathenje, poti malo ndi a kuchikazi. Makina osokera, amene ndinapereka ndekha kwa mng'ono wake. Ndiponso munthu wondimeta. Zonsezi ndinazitaya nthawi imodzi.

Chomalizachi ndinachizindikira mochedwa.

Ndisanakwatire, khosi langa silinkatha ziphuphu. Ku koleji anzanga ankati ndi magazi oipa. Titalowa m'banja, iye anandilanda lezala. Loweruka m'mawa ndinkakhala pampando kuseri kwa nyumba yathu ku Mitundu, komwe ndimaphunzitsa, iye ataima ndi beseni. Ziphuphu zinatha, ndipo sindinafunse chifukwa chake. Ndinkatsinzina kuyambira pomwe wandigwira chibwano mpaka atanena kuti, "Tsikani, bwana, tafika."

Maliro a mkazi wanga anachitikira kwawo. M'mawa mwake titaika, panali kumeta monga mwa mwambo. Ambiri masiku ano amangodulako pang'ono pachipumi, koma ine mwamuna wake anandimeta mpala, ndevu zomwe. Anandimeta ndi atsibweni ake, ndi lezala latsopano, madzi ozizira a pamjigo, popanda sopo. Ankakoka khungu ndi chala, n'kumayambira m'munsi kukwera m'mwamba, kubwerezabwereza pomwepo kuti pasalale. Anachita mwachikondi, ndipo sindinadandaule.

Posakhalitsa khosi linakhala ngati chipwete. Kolala ya malaya ikakhudza, ndinkaluma mano. Tsiku lina ndinatengera galasi padzuwa n'kuyang'anitsitsa. M'kati mwa chiphuphu chilichonse munali kaulusi kakuda. Ndinaona kuti ndevu zanga n'zopotana: ndevu ikadulidwa mwakuya kwambiri, pomera imapindika ngati mbedza n'kubaya khungu lomwe yatulukamo. Zimenezi zinandipatsa chidwi kuposa china chilichonse chiyambire maliro. Ngati ndevu zanga zili choncho, nanga mkazi wanga ankazitani? Manja ake ndinkawamva sabata iliyonse, koma sindinawaonepo akugwira ntchitoyo. Ndinachita mantha kuti ndikalephera kudziwa, chimenechinso chapita naye.

Ndinayamba kufunsa kometera tsitsi, pamsika wa Mitundu.

"Aphunzitsi, mwagwera pa minga?" anatero wometayo, akundipaka sipiliti.

"Pakani mankhwala otsukira mano," anatero bambo wina pabenchi. "Amaumitsa."

"Aaa, inu, mukufuna khosi lizinunkhira m'kamwa?"

Mnzake wa pambali, amene sankandidziwa, anaseka. "Achimwene, mankhwala ake n'kukwatira basi. Mbeta ndi imene imaoneka chonchi."

Wometayo anamuponda phazi. Onse anayang'ana pansi. Sipiliti uja anangowawa n'kuumitsa khungu, ziphuphu zili pomwepo.

Yankho ndinalipeza theka ku Nathenje, nditapita kukaona apongozi. Mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, anali pakhonde akusoka pa makina aja.

"Alamu, pakhosipo mwadzala nyemba? Tidzakolola liti?"

Ndinamufunsa ngati mkulu wake anamuuzapo mmene ankandimetera.

"Za m'nyumba mwanu ndizidziwe ine? Koma ankakusekani, musaganize kuti ayi. Ankati ndevu zanu zilibe mwambo. Za m'masaya zimatsika bwinobwino, koma za pakhosi zinagona cham'mbali ngati udzu wa mumtsinje wa Diamphwe madzi akaphwa. Ankatinso mumatha makala, munthu wamkulu kufuna madzi ofunda ngati khanda."

Kenako anatsegula kabokosi ka makinawo. "Nanga iyi ankasokera chiyani? Yada kunsonga." Inali singano yokulungidwa m'kansalu, yooneka kuti inkaotchedwa pamoto. Nditaiona, khosi langa linakumbukira: kakubaya kakang'ono, mkazi wanga akuti, "Musagwedezeke." Sankafinya, sankazula. Ankangotukula ndevu yobisala kuti ituluke, n'kuisiya.

Ndinasiya kumeta mpaka ziphuphu zinaphwa. Ena ankati ndikulira maliro ndi ndevu, ndipo sindinawatsutse. Zitakula, ndinatsinzina n'kuyendetsa chala pakhosi. Kupita uku kunkasalala, kubwerera kunkakhakhala. Kumanzere zinagonera kukhutu. Kumanja zinatsika pang'ono n'kukhota. Pansi pa chibwano panali kamalo kozungulira ngati kamvuluvulu. Ndakhala ndi khosi limeneli moyo wanga wonse, koma mapu ake anali ndi munthu wina.

Zotsalazo zinabwera chimodzichimodzi. Kansalu kofunda kamene ankandiphimba nako ndinkayesa n'kongondisangalatsa, chonsecho kankafewetsa ndevu. Thovu la sopo ankalisiya kaye akucheza nane za mitengo ya tomato. Lezala linkadutsa kamodzi, motsatira komwe ndevu zagonera, osakoka khungu. Likayamba kubuntha ankalitaya m'chimbudzi. Ndipo sankasalalitsa. Ndinkadandaula kuti wasiya zokhakhala, iye n'kumati, "Mukufuna kusalala kuti akuoneni ndani?"

Tsopano ndimadzimeta ndekha, maso ali otsegula. Kumanzere ndimakhoza. Pa kamvuluvulu paja ndimalakwitsabe, ndipo pamatuluka chiphuphu chimodzi kapena ziwiri. Sindikudziwa kuti dzanja lake linkakhota bwanji pamenepo, ndipo palibenso womufunsa.

Sabata imene mkazi wanga anagonekedwa m'chipatala ndinali nditadzimeta ndekha mothamanga, kuti ndioneke bwino pokamuona. Nthawi yoona odwala itatha, anamwino anayamba kutitulutsa. Ndinawerama kuti nditsanzike. Iye anakweza dzanja, nandisisita pakhosi ndi chala, kupita uku, kubwerera uku.

"Mwameta mobwerera," anatero. "Musazikhudzenso. Ndidzakumetani ndine Loweruka."