Magazi a Mbuzi pa Mphuthu

Chaka chimene kolera inalowa kwathu kwa Kanduku, makasu sankapuma. Kukumba manda m'mawa, masana kumva kulira kwina kutsidya. Ine ndinali nditangokwatira, nyumba yanga itayang'anizana ndi ya amayi.

Amayi anabwera kuno pothawa nkhondo ku Mozambique, ndipo za kwawo sankakamba. Sankadziwa kuwerenga, koma nkhani imodzi ya m'Baibulo anaigwira ngati nkhupakupa: ya mngelo wa imfa amene anakantha ana oyamba kubadwa ku Iguputo, n'kulambalala makomo opakidwa magazi. Ine ndine woyamba kubadwa.

Tsiku lina masana ndinawapeza atapha mbuzi yawo, akupaka magazi pa mphuthu za chitseko changa ndi chitsononkho.

"Amayi, mukufuna mundiitanire ntchentche? Achipatala akuti tizithira mankhwala m'madzi."

"Thira mankhwala akowo. Ine ndikulankhula ndi mwini ulendo."

Ndinaseka, poti pakamwa panga sipanachedwepo. Magazi anatsala ambiri m'mbale, ndiye ndinati, "Bwanji osapakanso kwanuko?"

Anakawakhuthulira kudzala.

"Mlendo ameneyu sabwerera chimanjamanja, mwanawe. Akapeza makomo onse otseka, amathyola. Kumusiyira limodzi."

Sindinasekenso. Kuyambira tsiku limenelo chitseko chawo chinkakhala chotsekula, iwo atakhala pamphasa chapakhomo, kuyang'ana njira yochokera kuchitsime ngati akudikira munthu amene anapangana naye. Ndinkachita mantha kudutsa pabwalo langa lomwe. Koma ndinkadzitonthoza kuti m'nyumba mwawomo mulibe mwana woyamba, mngeloyo akasuzumira angopitirira.

Ndinadwala ndine. Anandinyamula pa njinga mpaka kuchipatala cha ku Thambani, ndipo ndinachira. Pobwerera ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro, kulunjika njira ya kwathu.

Anali maliro a amayi. Pamaliropo panabwera bambo wina wokalamba wochokera ku Zobue, ku Mozambique, mlongo wawo wa amayi, amene ndinali ndisanamuonepo. Atapatsidwa mpata wolankhula anati, "Watisiya mkulu wathu. Ameneyu ndiye anatsekula mimba ya mayi athu."

Ndinacheuka n'kuyang'ana khomo la amayi lija.

Ndikudziwa kuti kolera imayenda ndi madzi, ndipo ana anga ndimawauza zomwezo. Koma chitseko chija ndasintha kawiri, mphuthu zake ayi. Banga lakuda lija likadalipo, ndipo mkazi wanga akamakolopa amalilambalala.

Mwana wanga woyamba wamanga nyumba yake chaka chino, moyang'anizana ndi yanga. Dzulo wandifunsa chifukwa chimene ndasiyira kutseka chitseko masana.