Filimu ya munthu amene sanauzidwe kuti wafa

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene dzuwa la kwa Maseya linaotcha chimanga chikadali m'munda. Tinkangothyola n'kudya, makala osafunika. Ndikulumbira. Mkazi wanga, Nasibeko, anandiperekeza pa msewu n'kunena kuti, "Pitani, koma musatchone."

Ndinatchona. Ndinkalondera pa garaja ina. Poyamba ndinkatumiza ndalama ndi mawu, kenako ndalama zokha, kenako "ndikutumizirani posachedwa". Kusungulumwa kunafika poti ndinkapereka moni kwa mapampu a petulo, ndipo imodzi inkayankha.

Filimuyi anandionetsa mlonda mnzanga wa ku Tete, pa foni yosweka galasi. Bambo wina amwalira ali pa mpando, koma abale ake ndi aulemu kwambiri moti palibe wolimba mtima kumuuza. Iye apitiriza kudzuka, kusamba, kupita kuntchito. Pa maliro ake omwe athandiza nawo kunyamula mabenchi, n'kudandaula kuti nyimbo zikukokedwa. Palibe mfuti, palibe womenya mnzake. Ochita seweroli saseka ngakhale kamodzi, ndipo luso lake lagona pamenepo. Anthu ambiri ankaitaya isanafike pakati. Oikonda tinali ochepa, koma tinkadziwana: tikakumana tinkavulira chipewa mpando wopanda munthu.

Nditabwerera, Nasibeko anandilandira bwino moopsa. Anandiyalira mkeka watsopano, madzi n'kundipatsa atagwada. Mbuzi zitathyola khola ndinati ndidzuke, iye n'kuti, "Khalani, musavutike, alendo." Mlungu wonse osandikalipira ngakhale kamodzi. Pamenepo ndinadziwa kuti banja langa lili pa mpeni.

Zopepesa sindizitha, choncho ndinatengera filimu ija kwa Zuze, mwini kanyumba ka vidiyo pa msika, kuti aionetse masana.

"Akarate alimo?" anafunsa Zuze.

"Mulibe."

"Nanga amafa ndani?"

"Mmodzi, koma sakudziwa."

"Achimwene, ku Joni kuja munkadya bwino?"

Anaiika ndithu. Anthu anatuluka mofulumira kuposa tsiku lomwe mvuu inalowa m'tchalitchi kwa Makhuwira, ndipo mvuuyo inakhala mpaka pa chopereka, ndinalipo. Tinatsala ine, Zuze ali m'tulo, ndi Nasibeko pa benchi yakumbuyo.

Pomwe ine ndimaseka, iye sanaseke. Anaseka pamene mkazi wa malemu akusesa m'nyumba, n'kukweza miyendo ya mwamuna wake mwaulemu, kusesa pansi pake, n'kuibwezera. Anaseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje. Filimuyi ndinaionera kambirimbiri, koma mayi ameneyu ndinali ndisanamuyang'anepo.

"Mayiyu ndi katswiri," anatero tili m'njira. "Mwaona mmene amagwirira tsache? Akufuna kum'menya nalo."

"Bwanji osangomuuza?"

"Akamuuza achoka. Akapanda kumuuza, palibenso chimene ali nacho." Anayenda pang'ono. "Wolemba filimuyi ndi mkazi wa mtchona, musandiuze zina."

M'mawa mwake mkeka watsopano uja unali utapindidwa. Nasibeko anaponya khasu pa mapazi anga, pang'ono kundidula chala.

"Malemu, dzukani. Ku dimba udzu wafika m'khosi, inu mwangokhala apa ngati chithumba cha makala. Pobwera mukonze khola."

Kwathu kuno mlendo sapatsidwa khasu. Ndinalima tsiku limenelo mpaka ng'ona za m'dambo zinatuluka kudzandiuza kuti ndipumeko.