Tsiku Limene Ndevu Anamwa Madzi

Amene sanametedwepo ndi a Lumo sadziwa kuti mutu wa munthu ungakhale nkhani ya ola lathunthu. Bamboyu wameta anthu zaka makumi atatu m'kachipinda komweko, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi ya wokonza mafoni. Muli mipando iwiri yozungulira, galasi lalitali long'aluka pakona, benchi la odikira, ndi wailesi imene palibe anaimvapo bwino chifukwa eni ake salola kuti wina alankhule kuwaposa. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Ngakhale akazi awo amawaitana kuti a Lumo, makamaka akapsa mtima.

Ndi munthu wabwino, ndisaname, koma ali ndi nthenda imodzi: chibadwire sanalakwepo. Ukakhala pampando, asanayatse makina, amayamba akuunika khungu. "Ichi n'chipere, achimwene. Mumabwerekana chipewa ndi ndani?" Chowawa n'chakuti kawirikawiri amalondola, ndiye mutu unakula mpaka kale.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, popita kumzinda wakutali kukaphunzira unamwino, anawasiyira mbira zake ziwiri, khola lake ndi pepala la malangizo. "Adadi, chonde, muzingotsatira zomwe ndalembazi," anatero atanyamula kale chikwama. A Lumo anaseka. Iwo anaweta mbira kumudzi kwawo mwanayo asanalotedwe n'komwe, ndiye lero aziwerenga pepala? Anasamutsira kholalo kumalo ometera, pakona ya kuseri kwa benchi, kuti azicheza nazo.

Chaka chisanathe imodzi inayamba kulira pokodza, inawonda, n'kufa. Pafoni a Lumo anauza mwana wawo kuti unali ukalamba. Mtsikanayo analira, ndipo kulira kwake kunawakhala pamtima masabata ambiri. Anatsala Ndevu, wamphongo waubweya wanyankhalala kumaso, amene makasitomala ankati ndi yekhayo m'chipindamo wokana kumetedwa. A Lumo analumbira kuti uyu yekha mwana wawo adzamupeza wamoyo.

Ndiye taganizani mmene mtima unawadumphira m'mawa wina atamva kulira komwe kuja kuchokera pakona. Ndevu anali atapinda msana, akufinya, ndipo pautuchi panagwa timadontho tofiirira. Atamutembenuza anapeza kumimba kuli chinyontho, ubweya utathothoka, khungu lili psuu. Kumsana nako kunali nkhanambo, akungodzikanda ngati wagona pa chitedze.

"Khungu ndi ntchito yanga," anatero a Lumo. Anamumeta bwinobwino malo odwalawo, n'kumupaka sipiriti amene amapaka anthu akatha kuwameta ndevu. Mayo ine, kukuwa kwake! Wokonza mafoni anathamangira kudzaona ngati apha munthu. Wa sitolo ya mankhwala anawapatsa mafuta opaka, zinthu zinakhalako bwino milungu itatu, kenako zinabwerera. Zinapola, zinabweranso. Ulendo wachitatu Ndevu anasiya kudya, ndipo akazi awo anaima pakhomo la barbashopu manja m'chiuno.

"A Lumo, mwana akubwera mwezi wamawa. Mukufuna adzapeze khola lopanda kanthu? Tengani nyamayo mupite nayo kwa dokotala wa ziweto, lero lomwe."

Anapita akung'ung'udza njira yonse, Ndevu ali m'katoni. Dokotalayo anali mayi wachitsikana, wamsinkhu wa mwana wawo, zomwe sizinawasangalatse. Anamusisita Ndevu kumimba, anapala pang'ono nkhanambo n'kuziika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, anamujambulanso m'kati. Kumsana kunali nthata zolowa pansi pa khungu, ndipo anamubaya jakisoni. Koma vuto lalikulu linali m'chikhodzodzo: munadzaza timchenga toyera, timene timakanda njira ya mkodzo, ndipo mkodzo wodontha pang'onopang'onowo ndiwo unkawotcha khungu la kumimba.

"Amamwa madzi ochuluka bwanji patsiku, bambo?" anafunsa dokotala.

A Lumo anaseka mpaka kugwira tebulo. "Adokotala, sukulu yonseyi sanakuuzeni? Mbira simwa madzi! Ine ndinaziweta kumudzi kwathu."

"Mumamupatsa chiyani?"

"Chakudya cha m'paketi, chodula. Ndi udzu wouma."

"Nanga zakumudzi kwanu zinkadya chiyani?"

"Udzu wauwisi, masamba a mbatata, makoko a nthochi..." Mawu anayamba kuchepa okha.

"Madzi ake zinkawapeza m'menemo," anatero dokotala modekha. "Uyu mukumudyetsa zouma zokhazokha. Khola lake linalibe botolo?"

Linali nalo. Kabotolo kokhala ndi kampope kachitsulo, kamene a Lumo anakachotsa tsiku loyamba lomwe, n'kukaponya m'dirowa ya malumo akale, akunena kuti ana amakono amawononga ndalama pa zidole. Koma munthu wa zaka makumi atatu za kusalakwa sagonja pa tebulo la mwana. Analandira mankhwala, anamva zoti utuchi uzisinthidwa tsiku ndi tsiku ndi zoti sipiriti asayandikirenso, anamvanso kuti matendawa amakonda kubwerera ngakhale usamale bwanji. Za madzizo anangoti, "Tikaona."

Atafika kumalo ometera anabwezera Ndevu m'khola, napeza benchi ladzaza. Panali mphunzitsi wopuma ntchito, dalaivala wa basi, ndi telala wa kutsidya kwa msewu amene amabwera kudzacheza ngakhale alibe tsitsi. A Lumo anawafotokozera zonse, akuyembekeza kuti aseka nawo. Chipinda chinagawikana pakati. Dalaivala anati agogo ake anaweta mbira makumi asanu popanda dontho la madzi. Mphunzitsi anati chilichonse chokhala ndi impso chimamwa. Telala anati aleke phokoso, nyamayo ili pomwepa, aifunse yokha.

A Lumo anakhazika dalaivala pampando, anamumeta mbali imodzi, koma maso anali pa khola. Anazimitsa makina, anatsegula dirowa, anatulutsa kabotolo kaja kali fumbi lokhalokha. Anakatsuka kawiri, anathira madzi, n'kukakoleka pa waya wa khola.

"Muone nokha," anatero. "Sayandikira n'komwe."

Wina anazimitsa wailesi. Amuna anayi akuluakulu anagwada pansi pa tsitsi la anthu, dalaivala ali ndi nsalu m'khosi, mutu theka. Ndevu anatuluka m'kanyumba kake ka m'kholamo pang'onopang'ono. Ananunkhiza kampope. Anabwerera m'mbuyo. "Mwaona?" ananong'ona a Lumo. Asanatseke pakamwa, Ndevu anatambasula khosi, anagwira kampope ndi mano, ndipo kunamveka ke-ke-ke-ke, thovu likukwera m'botolo.

"Akumwa!" anakuwa telala. "Anthuni, akumwa!"

Chipinda chinaphulika. Mphunzitsi ankamenya benchi ngati ng'oma, dalaivala anathamangira panja ndi mutu wake wathekawo kukaitana wokonza mafoni, wa mankhwala anasiya kasitomala pa kauntala. Anthu odutsa anaunjikana pakhomo poganiza kuti kuli mpira. Ndevu sanalabadire aliyense. Anamwa, anapuma, anamwanso, madzi akutsika anthu akuona. A Lumo nawo ankalumpha, akukumbatira telala, akufuula kuti, "Imwa, mwana wanga, imwa!" ngati nzeruyo inali yawo.

Kenako anakhala pa mpando wometera, chisangalalo chija chitawathera. Anali atawerenga miyezi imene botololo linakhala m'dirowa, ndipo anakumbukira mbira ina ija. Anapempha dalaivala kuti adikire pang'ono, anatuluka panja ndi foni.

"Adadi, kwagwanji masana ano? Ndevu ali bwanji?"

"Ali bwino, mama. Wadwala, koma taonana ndi dokotala, achira." Anatsamira khoma. "Koma mnzake uja sunali ukalamba. Ndinachotsa botolo lako la madzi. Pepala lako sindinaliwerenge. Ndinalakwa ine."

A Lumo anakanikiza foni kukhutu. Ankayembekeza kulira, kapena mawu owawa, ndipo akanawalandira.

"Ndinkadziwa kuti sunali ukalamba, adadi," anatero mwanayo pomaliza. "Anali ndi zaka ziwiri zokha. Ndinkangodikira kuti mundiuze nokha."