Dzanja pa phewa la Genko

M'tauni mwathu muno mukafunsa za a Zlatka, amene ali ndi kashopu ka zithunzi kuseri kwa positi ofesi, akuuzani nkhani imodzi basi. Ati anali chibwenzi chobisa cha malemu Genko kwa zaka zambiri, ndipo ataona kuti mwamuna wapita osawasiyira ndi mpango womwe, anaika dzanja lawo paphewa pake pa chithunzi cha pachiliza, kuti mkazi wake azikumana nalo akabwera kudzathirira maluwa. Dzanjalo lilipodi. Pitani kumanda, mzere wachitatu kuchokera pampopi: zala zinayi, zikhadabo zofiira, mphete. Koma si la a Zlatka. Ndi langa, ine Kircho wosema miyala, ndipo amene analiika pamenepo ndinenso.

A Zlatka anayamba ntchito ali mtsikana mu situdiyo ya boma, kubisa ziphuphu pankhope za asilikali ndi kaburashi. Situdiyo itatsekedwa anatsegula kashopu kawo, ndipo kompyuta anadziphunzitsa okha imvi zitayamba kale, atavala magalasi awiri pamphuno imodzi. Sanakwatiwepo. Amakhala ndi mphaka wagonthi, amadya banitsa imodzi, chitumbuwa chathu cha chizi, pa tsiku ali chiimire, ndipo zikhadabo zawo sizigona zopanda kyutekisi wofiira. Ntchito yawo yaikulu ndi akufa: zidziwitso zamaliro zomata pamitengo, ndi zithunzi zimene amaziwotchera pa timbale tadothi kumzinda wa Sofia, ine n'kumazimata pamiyala.

Anthu sabwera ndi chithunzi cha munthu ali yekha. Pambali pake pamakhala mkazi woyamba, apongozi, kapena botolo. Onsewo a Zlatka amawachotsa, koma mukati awafufuta amakwiya.

"Ine sindifufuta munthu," amatero. "Ndimangomuphimba. Ali momwemo."

Anandionetsapo kamodzi. Chithunzi chimakhala ngati pepala, pamwamba pake n'kukhala chophimba chobowola mwa mutu ndi mapewa a munthu wofunikayo. Ziwirizi zimamangidwa ndi kaunyolo kakang'ono koonekera pakona, kuti ukakulitsa kapena kuchepetsa chimodzi, chinzake chizitsatira. Ine ndinangomva theka. Sukulu ndinaisiya aphunzitsi asanafike pa phunziro la kumvetsera.

Genko anali mnzanga kuyambira tili ndi mamina. Anali ndi mutu waukulu woti chipewa amachita kusoketsa, ndipo ndinamuseka nawo moyo wake wonse. Chaka chitatha chimwalirireni, alamu a Nedyalka, mkazi wake, anandiitana.

"Kircho, ndikufuna chithunzi chimene akumwetulira. M'nyumba muno zonse akuoneka ngati wamangidwa."

Ndinali nacho chimodzi. Anatijambula mu Januwale wina pa gule wathu wa zigoba ndi mabelu, chaka chimene ndinavala ngati mkwatibwi: diresi ya malemu azakhali, mphete, zikhadabo zopaka, dzanja paphewa pa Genko, iye akuseka mano onse panja. Alamu sindinawaonetse. Ndinangoti ndapeza, n'kupita nacho kushopu.

"Mkwatibwi wonyansa chonchi anamupeza kuti?" anafunsa a Zlatka.

"Achemwali, anthu ankalimbirana ine. Mungondiphimba bwinobwino."

Mawa lake ndinadutsirako. Anali atatsiriza: Genko yekha, akumwetulira, kumbuyo kwake kuli mdima wofewa. Mayi wogulitsa banitsa anawaitana pakhomo, iwo anatuluka. Ndinayang'ana mutu uja utadzaza bwalo lonse, mtima wa chibwana unandigwira. Ndinati mnzangayu ndimuchepetseko, akapezeko chipewa kumwambako. Ndinagwira kambewa ka kompyuta, ndinakoka kona monga ndinkawaonera akuchita, mutu unachepa pang'ono. Ndinaseka ndekha. Chimene sindinadziwe n'chakuti kaunyolo kaja anali atakamasula pokonza m'mphepete mwa tsitsi. Chithunzi chinachepa, chophimba chinatsala chimodzimodzi. Ndiye pabowo paja panatsala mpata, ndipo mumpatamo munalowa zimene zinali pambali pa Genko. Zambiri zinali zakuda ngati mdima wa kumbuyo uja. Zala zokha.

A Zlatka anabwera akutafuna, anatumiza ku Sofia osayang'ananso. Anali atayang'ana kale katatu, nanga akanayang'aniranji?

Kambale kanabwera kwa ine Lachisanu, mwambo woimika chiliza uli Loweruka. Nditakamasula ndinaziona zala zija. Apa ndiye pamene sinditha kunamizira kompyuta. Ndikanathamangira kushopu. Ndikanauza alamu kuti mwala uyambe waima wopanda nkhope. Koma ndinaganiza za kufotokoza kuti ndaseweretsa chithunzi cha maliro a mnzanga, ndinazisiya. Ndinadziuza kuti zala n'zazing'ono, anthu olira saona bwino. Ndinamata.

Anthu olira amaona bwino kwambiri. Wansembe asanatsirize, tirigu wophika wokumbukira malemu asanagawidwe, mayi wina anali atavala kale magalasi. Alamu anawerama, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Kircho, dzanja ili n'la ndani?"

Ndikanangoti langa, anthu akanaseka, tikanamwa rakiya, kachasu wathu uja, nkhani ikanathera pomwepo. Ine amene ndimalankhula ngakhale dokotala wa mano ali m'kamwa, ndinati, "Kaya alamu. Ine ndimangomata."

Pofika madzulo tauni inali itawerenga kale zikhadabo zofiira zonse, n'kupeza za a Zlatka zija.

Masabata asanu ndi awiri ndinakhala chete. Alamu anasiya kudutsa msewu wa kushopu. Amasiye anayamba kukwera basi kukakonzetsa zithunzi kutauni ina, ati sakufuna amuna awo agwidwe. Wina analemba mawu oipa pachitseko cha shopu, a Zlatka anatsuka okha ndi sopo. Ine ndinkazungulira kumsika kuti ndisawaone. Choipa kwambiri, tsiku lina kumalo omwera anzanga akuseka za nkhaniyi, nanenso ndinaponyapo nthabwala. Inali yabwino. Anaseka mpaka kutsokomola.

Nkhani ndi yakuti a Zlatka ankadziwa mwini dzanja. Chithunzi chonse chinali mu kompyuta yawo, mkwatibwi ndi ndevu zake. Akanangochotsa chophimba n'kuitana alamu. Sanatero.

Tsiku limene ndinalowa, ndinawapeza akudzipaka kyutekisi, mushopu mulibe ndi mmodzi yemwe.

"Wabwera, mkwatibwi," anatero osadzutsa mutu.

"Achemwali, ndine ndinakoka kona."

"Ndikudziwa. Mutu wa Genko sunachepe wokha, madokotala omwe anayesa n'kulephera."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Zimene munthu wandipatsa kuti ndiphimbe sindivundukula. Ndikayamba lero, tauni ino itha mabanja pofika Lamulungu. Chithunzi n'chako, pakamwa mpako." Anauzira zala. "Komanso ndimafuna ndione kuti wanthabwala amatha masiku angati asanatsamwe."

"Makumi anayi ndi asanu ndi anayi."

"Ndimawerenga nanenso. Ine kulakwa kwanga n'kusiya kaunyolo komasula m'nyumba muli nyani."

Anasindikiza chithunzi chonse, chosaphimba, n'kundipatsa. Ndinapita nacho kwa alamu, chipewa m'manja. Anachiyang'ana, anandiyang'ana, anandimenya ndi nsalu yopukutira mbale mpaka mkono unatopa, kenaka anakhala pampando n'kulira. Ati analira osati chifukwa cha dzanja, koma kuti masabata onsewo ankagona akutukwana mwamuna wawo m'manda. Chimenecho sindinachiganizeko n'komwe. Ine ndinkaganiza kuti ndalakwira munthu mmodzi.

Ndinati ndikonzetsa kambale kena. Anakana. Ati Genko sanasekepo chonchi kwina, ndipo dzanjalo likhale pomwepo kuti ine ndizichita manyazi pofika pamzere wachitatu. Anapita okha kushopu atanyamula botolo la mapichesi, anakhalako ola lathunthu. Zimene anakambirana sindikuzidziwa.

Ine chithunzi chija ndinachimata pawindo la malo anga osemera miyala, ndipo ndauza aliyense, kumsika, kutchalitchi, ngakhale wogontha. Amasiye ena abwerera. Ena ayi. Ati Kircho ndi wanthabwala, wapeka izi kuti ateteze mnzake, ndipo zithunzi masiku ano munthu amatha kupanga zilizonse, makamaka mayi uja. Mwa nkhani zonse zimene ndauza anthu m'moyo mwanga, yoona ndi iyi yokha, ndipo ndi yokhayi imene sakundikhulupirira.

N'chifukwa chake ndalemba, mwina pepala aliopa. Ndinakawawerengera a Zlatka, mbewa atayiika kutali ndi ine. Ndinawafunsa kuti kwa amene akunenabe kuti anali chibwenzi cha Genko ndiwalembere chiyani.

"Lemba kuti ndikanamufuna Genko ndikanamugwira ali moyo, ndi manja onse awiri," anatero. "Ndipo akaonenso bwino zalazo. Ine sindinakhalepo ndi ubweya pa chala."